Kodi ulemu umene timapereka kwa asilikali ndi mabanja awo umawafikadi?

Funso lochokera kwa Mayi Nasibeko

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka inu amene munagwirapo ntchito ya usilikali, amene muli ndi abale ku usilikali, ndiponso amene mumadziwa bwino mbiri ya nkhondo. Chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala ukafika, m'mayiko ambiri anthu amasonkhana pa zipilala zachikumbutso, atsogoleri amaika nkhata za maluwa, lipenga limalira, ndipo khamu lonse limakhala chete kwa mphindi ziwiri. Mwambo umenewu ndimaulemekeza kwambiri, ndipo wina asaganize kuti ndikuupeputsa. Koma ndikaona nkhalamba zovala mamendulo zitakhazikidwa pamipando yakutsogolo, kenako mwambo n'kutha aliyense n'kubalalika, mtima wanga sukhazikika, chifukwa ndimadzifunsa kuti anthu amenewa akubwerera ku moyo wotani, nanga ndani adzawazonde kufikira Novembala wina.

Ndikufuna kudziwa kumene mwambowu unachokera, ndiponso ngati amene anauyambitsa ankafuna kuti zonse zithere pa maluwa ndi malipenga. Koma chimene chikundivutitsa kwambiri ndi ichi: munthu wamba, amene si nduna ya boma kapena mkulu wa asilikali, angachite chiyani kuti ulemu wake ufike kwa msilikali amene ali pantchito, kwa amene anapuma, ndi kwa mabanja awo? Ndikutchula mabanja mwadala, chifukwa pamiyambo yotere timamva maudindo ndi mayina a magulu ankhondo, koma za mayi amene analera ana yekha mwamuna wake ali kutali, kapena za makolo amene analandira bokosi m'malo mwa mwana wawo, sizimveka kwenikweni. Ndithandizeni maganizo.

Yankho la Bambo Phiri, mphunzitsi wa mbiri amene anapuma

Mayi Nasibeko, mwafunsa bwino, ndipo mbiri ikuvomerezana ndi nkhawa yanuyo. Tsiku la 11 Novembala linasankhidwa chifukwa ndilo tsiku limene mfuti za nkhondo yoyamba ya padziko lonse zinaleka kulira ku Ulaya m'chaka cha 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa, nthumwi za Germany ndi za mayiko olimbana nalo zitasayina pangano m'bogi ya sitima m'nkhalango ya Compiègne ku France. Kukhala chete kwa mphindi ziwiri kunachitika m'mayiko onse a ufumu wa Britain m'chaka chotsatira cha 1919, Mfumu George V itapempha anthu kuti atero. Ganizoli linaperekedwa ndi Sir Percy FitzPatrick, amene anaona anthu a ku Cape Town akuchita zimenezi nkhondo ili mkati, ndipo iye mwini anali kholo loferedwa, pakuti mwana wake anafera kunkhondoko. Choncho banja linalimo kale m'mwambowu kuyambira tsiku loyamba.

Duwa lofiira limene anthu amabaya pachifuwa likuyankha funso lanu mwachindunji. Duwa la popi linkamera lokha m'minda ya ku Belgium ndi kumpoto kwa France imene inakumbidwakumbidwa ndi mabomba, n'chifukwa chake linasanduka chizindikiro cha akufa. Koma pamene bungwe la British Legion linayamba kugulitsa maluwa ochita kupanga mu 1921, cholinga chake chinali kusonkhanitsa ndalama zothandizira amoyo, amene anabwerako kunkhondo alibe ntchito, alibe pokhala, ena alibe mkono kapena mwendo. Chaka chotsatira George Howson anatsegula fakitale ku London kuti asilikali olumala azipanga maluwawo n'kumalandira malipiro. Kukumbukira akufa ndi kusamalira amoyo zinayambira limodzi, ndipo ngati lero zikuoneka zosiyana, ndiye kuti tazilekanitsa ndife.

Chinthu china chimene anthu a nthawi imeneyo anachigwiritsitsa ndi dzina la munthu. Bungwe loyang'anira manda a asilikali, limene lero limatchedwa Commonwealth War Graves Commission, linakhazikitsidwa mu 1917 motsogoleredwa ndi Fabian Ware, ndipo linagwirizana kuti mkulu wa asilikali ndi msilikali wamba akhale ndi mwala wofanana pamanda awo, posayang'ana udindo, chuma kapena chipembedzo. Amene mitembo yawo sinapezeke analembedwa pazipupa. Pa chipata cha Menin Gate mumzinda wa Ypres ku Belgium pali mayina oposa 54,000, ndipo kuyambira 1928 lipenga limalizidwa pamenepo madzulo alionse nthawi ya 8 koloko, kupatula zaka zimene mzindawo unali m'manja mwa Germany pa nkhondo yachiwiri. America nayo, pomanga khoma lokumbukira amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam mu 1982, inasankha kulemba mayina pafupifupi 58,000 m'malo mwa mawu otamanda nkhondoyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mfundo yabwinoyi sinatsatidwe kwa onse. Mu 2021 kafukufuku amene bungwe lomwelo linalamula anapeza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, amene anafa akutumikira Britain pa nkhondo yoyamba sanalembedwe mayina pena paliponse, ndipo ambiri mwa iwo anali a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt. Ochuluka anali a tengatenga, onyamula chakudya ndi zipolopolo pamutu mitunda yaitali, amene anatha ndi matenda, njala ndi kutopa koposa ndi mfuti. Ku Nairobi, ku Mombasa ndi ku Dar es Salaam kunaimikidwa ziboliboli zoimira onse, koma popanda mndandanda wa mayina. Nduna ya zachitetezo ya Britain ya nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa chikumbutso chokhala ndi mayina oposa 1,700 a anthu akuda amene anafa akugwira ntchito zothandizira nkhondoyo. Mabanja awo anadikira zaka zoposa 100.

Nkhani ya malipiro ndiyo yowawa koposa. Pa 1 Disembala 1944, pamsasa wa Thiaroye pafupi ndi Dakar ku Senegal, asilikali a kumadzulo kwa Africa amene anamenyera France nkhondo, nakhalanso akaidi m'manja mwa Germany, anawomberedwa ndi gulu lankhondo la France chifukwa chofunsa ndalama zawo zotsalira. Akuluakulu a nthawiyo analemba kuti anafa 35, koma akatswiri a mbiri akuti chiwerengerocho chinali chachikulu kwambiri kuposa pamenepo. Mu 1959 France inaimitsa kukwera kwa penshoni ya asilikali ochokera m'mayiko amene inkawalamulira, ndipo penshoniyo inadzafanana ndi ya anzawo a ku France mu 2011, ambiri atamwalira kale. Ku America, mu 1932, asilikali akale amene anamanga zisakasa mumzinda wa Washington popempha ndalama zimene analonjezedwa anathamangitsidwa ndi asilikali anzawo. Dzikolo linaphunzirapo kanthu, pakuti mu 1944 linakhazikitsa lamulo lotchedwa GI Bill lolipirira maphunziro ndi kuthandiza pa ngongole za nyumba, ngakhale asilikali akuda ambiri anatsekerezedwa kupindula nalo.

Maganizo anga, Mayi, ndi akuti boma limene limakonza perete wokongola koma likuchedwetsa penshoni ya msilikali kapena ya mkazi wake wamasiye silinamulemekeze munthuyo. Nzika wamba ili ndi mphamvu yofunsa aphungu ake za ndalama zimenezi, ndipo funso lotere ndimaliwerengera kuti ndi ulemu woposa nkhata ya maluwa.

Yankho la Mayi NaJere

Zikomo Mayi Nasibeko potikumbukira ife a m'mabanja, zikomonso Bambo Phiri chifukwa cha mbiri imeneyi. Ine ndine mkazi wa msilikali, ndipo amuna anga akhala akutumizidwa kunja kukagwira ntchito yosungitsa mtendere. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yongolondera chabe, koma kuyambira 1948, pamene bungwe la United Nations linaiyamba, anthu oposa 4,000 aferapo, ndipo pa 29 Meyi chaka chilichonse pamakhala tsiku lowakumbukira. Pali mendulo ya kulimba mtima kwapadera imene inapatsidwa dzina la Kaputeni Mbaye Diagne wa ku Senegal, amene anapulumutsa anthu ambirimbiri ku Rwanda mu 1994 asanaphedwe, ndipo mu 2019 menduloyi inaperekedwa kwa Chancy Chitete, msilikali wa ku Malawi amene anafa ku Congo mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Amene anapita ku New York kukailandira ndi mkazi wake wamasiye, ndipo ine ndikamva nkhaniyi maganizo anga amakhala pa mayiyo ndi pa masiku onse amene anatsatira tsiku la ulemulo.

Moyo wa banja la msilikali ndi wodikira. Foni ikalira usiku mtima umagunda usanaone n'komwe amene akuimba, ndipo mwana akadwala kapena akalakwa kusukulu umagamula wekha, chifukwa sungasenzetse nkhawa munthu amene mawa akupita kumalo oopsa. Akasamutsidwa, ana amasintha sukulu, ndipo mkazi kapena mwamuna wotsala amasiya ntchito kapena bizinesi imene inali itayamba kumera. Ngakhale kubwera kumene timakulakalaka kumakhala ndi zovuta zake, pakuti bambo amapeza nyumba itazolowera kuyenda popanda iye, ndipo mwana wamng'ono amamuthawa ngati mlendo. Masiku ano akazi nawonso ndi asilikali, choncho alipo amuna ndi agogo amene akusenza zomwezi.

Mwafunsa zimene munthu wamba angachite, ndiye ndiyambe ndi chimene sichifuna ndalama. Mukamva mphekesera yakuti asilikali aphedwa kwinakwake, musathamangire kumwaza mayina kapena zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook. Asilikali ali ndi dongosolo lotumiza anthu kukauza banja maso ndi maso, ndipo palibe nkhanza yoposa yakuti mayi adziwe za imfa ya mwamuna wake poona chithunzi cha mtembo pafoni ana ali pambali. Komanso maliro akatha, pamene ambiri amaganiza kuti zonse zatha, mpamene wamasiye amafuna munthu womuperekeza. Pamafunika chiphaso cha imfa, cha ukwati, za kubadwa kwa ana, mafomu a penshoni, ndipo ngati banja linkakhala m'nyumba ya kukampu, nthawi imakwana yakuti lisamuke. Munthu wolira sangathe kutsatira zonsezi yekha, makamaka ngati abale ena ayamba kale kuwerengera ndalama zimene zisanatuluke n'komwe. Ngati mumadziwa kulemba makalata, kuwerenga mafomu kapena malamulo a chuma cha masiye, pamenepo mpamene mungathandize.

Ndimakonda zimene mabanja a ku America anayamba pa nkhondo yoyamba, zopachika pawindo kansalu kokhala ndi nyenyezi yabuluu ngati wina wa m'nyumbamo ali kunkhondo, ndi nyenyezi yagolide ngati wafera komweko. Ubwino wake unali wakuti oyandikana nawo ankadziwa khomo loyenera kugogodapo.

Yankho la Achimwene Mbewe

Akuluakulu, ndine wamng'ono pakati panu, koma ndiloleni ndinene chimene chikundilemera. Ndikugwirizana ndi zonse zokhudza penshoni ndi amasiye, koma miyambo yolemekeza asilikali imandidetsa nkhawa chifukwa kawirikawiri andale amaigwiritsa ntchito potseka pakamwa aliyense wofunsa ngati nkhondoyo inali yoyenera. Munthu akangofunsa, amanenedwa kuti akunyoza amene anafa. Komanso si msilikali aliyense amene anachita zabwino, pakuti mbiri ili ndi nkhani zambiri za asilikali amene anawotcha midzi, kugwiririra amayi ndi kupha anthu opanda zida, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anthu wamba amene anafa anali ochuluka kuposa asilikali. Nanga iwowa amawaikira nkhata ndani? Ndikuopa kuti ana akamangoona yunifolomu yowala ndi kumva ng'oma za perete, adzakula akuganiza kuti nkhondo ndi chinthu chokongola. Kodi n'zotheka kulemekeza msilikali popanda kuvomereza nkhondo imene anatumizidwako?

Yankho la Bambo Gondwe, sajeni amene anapuma

A Mbewe, mwana wanga, funso lanu silinandikhumudwitse, ndipo ndikuyankhani kuti n'zotheka. Msilikali sasankha nkhondo. Amene amasankha ndi atsogoleri a dziko, ndipo m'dziko la ufulu atsogoleriwo amasankhidwa ndi inu. Mukamawafunsa mafunso ovuta asanatumize ana a eni kukafa, mukutiteteza ife, ndipo sindinakumanepo ndi munthu amene anaonadi nkhondo n'kumaikonda. Pa za amene anazunza anthu wamba, ine ndikuti aweruzidwe, chifukwa malamulo a nkhondo alipo, mapangano a ku Geneva a 1949 amayenera kuphunzitsidwa kwa msilikali aliyense, ndipo kubisa wolakwa m'kati mwa gulu kumadetsa yunifolomu ya onse amene anadzisunga pamene kudzisunga kunali kovuta. Nkhawa yanu si yatsopano. Mu 1933 amayi a bungwe la Co-operative Women's Guild ku Britain anayamba kuvala popi woyera pokumbukira onse ophedwa ndi nkhondo ndi popempha mtendere, ndipo ku Germany tsiku la Volkstrauertag, limene limakhala mu Novembala, limakumbukira asilikali pamodzi ndi anthu wamba a mayiko onse amene anafa ndi nkhondo kapena ndi ulamuliro wankhanza. Mwambo wotere ine ndingaimepo ndi mtima wonse.

Tsopano ndibwere kwa inu, Mayi Nasibeko. Mabala amene sitiwatchula pamiyambo ndi a m'maganizo. Pa nkhondo yoyamba anthu amene ankanjenjemera, kusowa mawu kapena kuthawa atasokonezeka ndi mabomba ankatengedwa ngati amantha, ndipo asilikali 306 a Britain ndi a mayiko a mu ufumu wake anawomberedwa ndi anzawo pamilandu monga kuthawa ndi mantha. Boma linadzawakhululukira mu 2006. Madokotala analemba vutoli m'buku lawo la matenda a maganizo mu 1980 ndi dzina lakuti PTSD, ndipo lero tikudziwa kuti ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Munthu amalota zomwezomwezo, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amakwiya msanga, amapewa pagulu, ndipo ambiri amathawira ku mowa kuti apeze tulo. Akunyumba amaona ngati bambo asintha khalidwe mwadala, iyenso amachita manyazi kunena, chifukwa anaphunzitsidwa kupirira osadandaula. Ine ndinataya anzanga amene anabwerako amoyo, koma nkhondo inadzawamalizira kunyumba patapita zaka.

Choncho mukakhala ndi msilikali wakale pafupi, musamufunse ngati anaphapo munthu. Funso limeneli anthu amalifunsa mwachidwi chabe, koma amene wafunsidwayo amakagona nalo. Mufunseni kumene anatumikira, ntchito imene ankagwira ndi mayina a anzake, ndipo akafuna kupitiriza mumvetsere osamudula, akafuna kusiya mumusiye. Mukaona kuti akudzipatula, akumwa mopitirira kapena akulankhula zakuti moyo watopetsa, musamulalikire za kulimba mtima, koma mumuperekeze kwa dokotala kapena kwa mlangizi, ndipo ngati n'kotheka muitane msilikali mnzake wakale, chifukwa ife timamasukirana tokhatokha mosavuta.

Chinanso ndi ntchito. Munthu amene analowa usilikali ali mnyamata amatuluka asanakalambe, ali ndi ana kusukulu, koma sadziwa kulemba kalata yofunsira ntchito chifukwa sanafunsirepo. Komatu pakati pathu pali madalaivala, amakanika, anamwino, akatswiri a zomangamanga ndi a mawailesi, ndiponso anthu amene anatsogolera anzawo pamalo amene kulakwa pang'ono kumatanthauza imfa. Olemba ntchito ambiri amangotiganizira za ulonda. Ngati muli ndi kampani kapena mumakhala pa komiti yolemba anthu, werengani bwino zimene munthuyo anaphunzira. Kuthokoza ndi pakamwa timakulandira ndithu, ndipo kumatikhudza, koma ine kumandifika kwambiri ngati wothokozayo wakhala pansi n'kufunsa dzina langa. Mwambo wa Novembala musausiye. Kwa ife ndi tsiku limene timaonana ndi anzathu otsala n'kutchula amene palibe.

Mayi Nasibeko ayankhanso

Ndathokoza kwambiri nonse. Mayi NaJere, nkhani ya mafomu yandigwira mtima chifukwa ndi ntchito imene ndingaithe, ndipo ndikufuna kuyamba ndi kufunsa bungwe la asilikali akale ngati pali amasiye amene mapepala awo anaima. A Mbewe, funso lanu linali lofunika, ndipo ndikuganiza kuti pamwambo uliwonse payenera kukhala mphindi yotchula anthu wamba amene anafa. Bambo Phiri, ndili ndi funso limodzi lotsala: banja limene limangodziwa pakamwa kuti agogo awo anapita kunkhondo yoyamba kapena yachiwiri osabwerako lingayambire pati kufufuza dzina lawo?

Bambo Phiri ayankha

Mayi, ngati munthuyo anatumikira pansi pa Britain, yambirani pa tsamba la intaneti la Commonwealth War Graves Commission, pamene pali mayina a anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene anafa pa nkhondo ziwirizo, ndipo kufufuzapo n'kwaulere. Muyese kalembedwe kosiyanasiyana, chifukwa alembi a nthawiyo ankalemba mayina monga anawamvera, ndipo asilikali ambiri a ku Africa analembedwa ndi dzina limodzi lokha kapena ndi dzina la bambo awo. Nambala ya usilikali ndiyo imathandiza koposa, choncho funsani achikulire ngati m'nyumba munatsala mendulo, chiphaso chotulukira ntchito kapena kalata iliyonse. Mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba kawirikawiri ankadindidwa dzina, nambala ndi gulu la munthuyo m'mphepete kapena kumbuyo, koma ambiri a nkhondo yachiwiri ankaperekedwa opanda dzina. Ngati dzina silikupezeka, lembani zonse zimene achikulire akukumbukira, monga chaka chimene anatengedwa, gulu limene analowa ndi kumene anamveka komaliza, ndipo mukazipereke ku bungwelo ndi kumalo osungira zolemba zakale a boma, chifukwa kuyambira 2021 bungweli lili ndi ntchito yapadera yofufuza mayina amene anasiyidwa ndipo limalandira umboni wochokera kwa mabanja.